Chiphaso cha mlangizi wa mabanja ku California

Ku California, m'dziko la America, munthu sangodzuka n'kukhoma chikwangwani pakhomo kuti ndi dokotala wa mabanja ogwedezeka. Chigawochi chidayamba kupereka ziphaso za ntchitoyi mu 1963, chisanatero china chilichonse. Lero zigawo zonse 50 zili ndi lamulo lotere. Montana ndiyo idatsekera mu 2009.

Njira yake ndi yaitali. Pamafunika digiri yachiwiri, kulembetsa ku bungwe la Board of Behavioral Sciences, ndi mayeso awiri: a malamulo ndi khalidwe, ndi a luso la ntchito. Koma pagona nkhani ndi pa maola 3,000 ogwira ntchito moyang'aniridwa, kwa masabata osachepera 104. Wophunzirayo amakhala pansi ndi katswiri wokhwima n'kumufotokozera zomwe zidachitika: bambo adangoti duu ola lonse, mayi adagwetsa misozi, nanga iye adayankha chiyani, ndipo chifukwa chiyani.

Ine izi ndimagwirizana nazo ndi mtima wonse. Ankhoswe athu amaopa kuchititsa manyazi mtundu, poti tonse timawadziwa. Nanga mlendo amene mukumulipira kuti amve zakuchipinda kwanu aope chiyani? Ku California amaopa kulandidwa chiphaso. Akaulula chinsinsi popanda chifukwa chalamulo, kapena akagona ndi munthu amene akumuthandiza, bungwe lija likhoza kumuimitsa ntchito. Akakayikira kuti mwana akuzunzidwa, lamulo limamukakamiza kukanena.

Chondidandaulitsa n'chakuti chiphasocho chimathera m'malire a chigawo. Mlangizi akasamukira ku Texas, ayenera kukapemphanso china, ngakhale atagwira ntchitoyi zaka zambiri.