MPIRA WA MU LUSAKA: CIKHO CITSATA KUMENE KULI NCHITO

Alimi amene amabwera ndi matimati ndi kabichi pa msika wa Soweto adziwa kuti malonda akatha, nkhani yotsala pakamwa pa anthu ndi ya mpira. Wina atama Zanaco, wina Red Arrows, koma nkhalamba imangopukusa mutu ndi kuchula dzina limodzi: City Ya Moto. Kodi mpira wa mu mzinda uno wayenda bwanji kuti ufike pamene uli lero?

Lusaka anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo timu ya City of Lusaka inabadwa mu 1937. Masiku amenewo tsankho linali ponseponse. Azungu anali kukhala ku Woodlands ndi ku Kabulonga, anthu akuda m'tinyumba tozungulira ta udzu ku Kabwata, ndipo mtundu uliwonse unali kumenya mpira paokha. Zinthu zinasintha mu 1962 pamene inakhazikitsidwa ligi ya dziko lonse yosayang'ana khungu. Mu 1964, caka ca ufulu wathu, City inatenga cikho ca ligiyo. Mtsogoleri wake anali Bambo Jackie Sewell, katswiri amene kale anasewerera dziko la England, ndipo pambuyo pake anatsogoleranso timu ya Zambia.

Cimwemwe cimeneco sicinakhalitse. Ku Migodi makampani anali kumanga mabwalo, kupatsa anyamata nchito ndi nyumba, ndi kuwalola kucita maphunziro a mpira nthawi ya nchito. Motero kucokera mu 1965 kufikira 1972 cikho cinali kungozungulira pakati pa Mufulira Wanderers ndi Kabwe Warriors, timu ya a njanji.

Amene anacotsa Lusaka manyazi ndi asilikari. Timu ya Zambia Army, imene inadzachedwa Green Buffaloes, inapambana ligi kasanu ndi kamodzi: mu 1973, 1974, 1975, 1977, 1979 ndi 1981. Cinsinsi cake cinali cimodzimodzi ndi ca ku Migodi, pakuti wosewera anali ndi malipiro otsimikizika kutha kwa mwezi. Zitatero panagwa cilala coopsa. Kwa zaka 20, kuyambira 1982 mpaka 2001, palibe timu ya mu Lusaka imene inakhudza cikho ca ligi.

M'zaka zomwezo mzinda unaona maliro osaiwalika. Mu April 1993 ndeke yonyamula timu ya dziko popita ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Gabon, nipha anthu onse 30, mwa iwo osewera 18. Anagonekedwa pambali pa bwalo la Independence.

Migodi itagulitsidwa kwa eni acilendo, ndalama za mpira kumeneko zinacepa, ndipo mphepo inatembenuka. Zanaco, timu ya banki yosewerera pa Sunset, inapambana mu 2002 ndi 2003. Red Arrows, timu ya asilikari a ndeke ya pa bwalo la Nkoloma ku Chelstone, inatsatira mu 2004, Zanaco nibwerezanso mu 2005 ndi 2006. Arrows inatenganso ligi mu 2022 ndi 2024. Bwalo lalikulu la National Heroes linatsegulidwa mu 2014, ndipo pomwepo mu 2017 anyamata athu osapitirira zaka 20 anagonjetsa Senegal 2-0 ndi kukhala akatswiri a Africa. Nao atsikana sanatsale: Barbra Banda, mwana wa mu Lusaka amene anasewerera Green Buffaloes, anasankhidwa kukhala wosewera wamkazi woposa onse mu Africa mu 2024.

Nanga City Ya Moto? Otsatira inali nao ambiri, koma inalibe mgodi kapena gulu la nkhondo loicirikiza. Ciyambire 1964 sinatengenso ligi, ndipo yatsikapo kangapo m'gulu la pansi.

Apa pali phunziro kwa ife a kumidzi. Luso lilipo ku Petauke, ku Katete ndi ku Lundazi monga liliri ku Kabwata. Ana omenya cimpombwa opanda nsapato ali paliponse. Cosowa ndi bwalo losamalidwa, mphunzitsi, ndi wina wolipira ulendo wa timu. Mafumu, aphunzitsi ndi eni masitolo akapanda kugwirizana pa zimenezi, ana athu aluso adzapitiriza kukwera basi ya ku Lusaka, ndipo zikho adzatengera ena.