Udzudzu wa mumgolo wasokoneza masamu olosera dengue

Palibe chaka chimene dengue inagwira anthu ambiri ngati 2024. Odwala amene anawerengedwa padziko lonse anaposa 14 miliyoni, kuwirikiza kawiri a mu 2023, chaka chimene ambiri ankati ndiye chafikapo. Ku Brazil kokha anaposa 6 miliyoni. Ku Bangladesh anthu 1,705 anamwalira mu 2023, ndipo chaka chomwecho Burkina Faso inaika m'manda anthu mazanamazana. Chiyambire pamenepo maso ali pa akatswiri a ziwerengero, anthu amene ntchito yawo ndi kuuza boma kuti mliri ukubwera usanafike pakhomo.

Ntchitoyo imayambira pa makaundula awiri. Woyamba ndi wa odwala, mwezi ndi mwezi, kubwerera m'mbuyo zaka khumi kapena makumi awiri. Wachiwiri ndi wa mvula, kutentha ndi chinyezi wa miyezi yomweyo. Kompyuta imawayika pamodzi n'kufufuza kuti nyengo ikachita chakuti, zipatala zimadzaza pakapita masabata angati. Pa nkhani ya kutentha akatswiri sakanganapo kwenikweni. Kachilombo ka dengue kamafuna masiku 8 mpaka 12 m'thupi la udzudzu kasanafike m'malovu ake, ndipo kukatentha kamafulumira. Kufala kumafika pachimake pa madigiri 29 kapena chapompo, n'kuzilala kukazizira kutsika pa 18 kapena kukatentha kupitirira 34. Mkangano uli pa mvula.

Pakhomo lina mumzinda wa Dar es Salaam, kuseri kwa nyumba zogona alendo kumene amalonda a kwathu kuno amafikira akamakapikula katundu ku Kariakoo, pali migolo isanu ya pulasitiki yondandalika m'mbali mwa khoma. Mvula inali isanagwe kwa miyezi. Pabwalo panali fumbi lokhalokha, ngalande ya kuseri itauma gwa, mopanda ndi chithaphwi chomwe. Mayi wa pakhomopo, wochita geni yokazinga chinangwa pamsewu, amadzaza migoloyo usiku uliwonse umene mpopi watulutsa madzi, chifukwa ukatseka sadziwa kuti udzatsegukanso liti. Iwiri ili ndi zivundikiro zake. Wachitatu anauphimba ndi beseni long'aluka, wachinayi ndi chitenje chakale chimene chinalendewera pakati mpaka kukhudza madzi. Wachisanu, umene ana amatungamo ndi kapu tsiku lonse, uli pululu.

Madzi ake ndi oyera mbee, oti munthu n'kumwa osakayika. Koma ukawalitsa tochi ya foni m'katimo, timphutsi takuda timathawira pansi tikudzipinda, kenako n'kubwereranso pamwamba kudzapuma, mitu ili chozondoka. Pamwamba pang'ono pa pamene madzi alekezera pali mzere wa timadontho takuda tomatirira kukhoma la mgolo, tooneka ngati mwaye. Amenewo ndi mazira. Udzudzu wa Aedes aegypti, wofalitsa dengue, suikira pamadzi penipeni ayi, umamata mazira ake m'mbali mwa chotengera, ndipo amatha kukhala ouma kwa miyezi yambiri osafa. Tsiku limene mayiyu adzadzaze mgolo mpaka kukamwa, mazirawo adzanyowa n'kuswa.

Mwana wamkazi wa mayiyu anadwala chaka china: thupi kutentha, mutu kuwawa kuseri kwa maso, mafupa ngati wamenyedwa. Anamuyeza malungo kawiri osawapeza. Mayiyu amagoneka ana onse m'neti usiku uliwonse, ndipo mpaka lero samvetsa kuti udzudzuwo unadzera pati. Udzudzu umenewu, wa timizere toyera m'miyendo, umaluma kukacha ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe, nthawi imene neti ili yopindidwa kudenga.

Pakhomo ngati limeneli ndi pamene masamu akale ankaphonya. Kwa nthawi yaitali ankangoti mvula ikachuluka udzudzu uchuluka, basi. Zoona zake zilipo ndithu: miliri ya ku Dar es Salaam ya mu 2014 ndi 2019 inakula m'nyengo ya mvula ya March mpaka May, ndipo kumpoto kwa Peru dengue inabuka mu 2023 madzi atasefukira chifukwa cha namondwe Yaku. Koma ofufuza atasanthula makaundula a pachilumba cha Barbados anapeza zina. Chiopsezo chinkakwera patapita miyezi itatu mpaka isanu chilala chitachitika, ndipo chinkakula kwambiri mvula yamphamvu ikabwera pambuyo pa chilalacho. Ku Brazil anapezanso zofanana m'mizinda ikuluikulu, pamene kumidzi mvula ndiyo inkatsogolera. Mzinda wa São Paulo madamu ake ataphwa mu 2014 ndi 2015, anthu anasunga madzi m'chilichonse chimene anali nacho, ndipo mu 2015 dengue inavuta zedi.

Mbali ina ya akatswiri ikuti umboni umenewu ndi wokwanira: lembani chilala m'masamu, muchedwetse zotsatira zake ndi miyezi ingapo, ndipo boma lidzakhala ndi nthawi yogawa zivundikiro, mankhwala opha mphutsi ndi kukonza mabedi m'zipatala. Mbali inayo ikuti apa nyengo ikungosenzetsedwa mlandu wa mpopi. Chilala sichibereka udzudzu, wobereka ndi mgolo wosavundikira, ndipo mgolowo ulipo chifukwa madzi a mumpopi ndi osadalirika. Mzinda umene mipopi yake siuma ungakumane ndi chilala chomwecho osaona kusintha kulikonse. Choncho masamu opangidwa ku Barbados sungangowanyamula n'kukawagwiritsa ntchito ku Pemba kapena ku Nampula, mizinda ya ku Mozambique imene inaona dengue mu 2014.

Otsutsawa ali ndi mfundo inanso yovuta kuikana. Dengue ili ndi mitundu inayi. Munthu akadwala mtundu umodzi sadwalanso womwewo, koma wina ukamupeza ungamugwire koopsa kuposa poyamba. Mtundu umene unasowa kwa zaka ukabwerera, umapeza anthu ambiri opanda chitetezo, kaya kunja kukugwa mvula kaya ayi. Singapore, kumene madzi satha mumpopi ndipo olosera ake amaona masabata 12 kutsogolo, inawerenga odwala oposa 35,000 mu 2020, kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo. Mtundu wachitatu unali utabwerera, ndipo anthu ankaswera m'nyumba chifukwa cha Covid-19, momwe udzudzuwu umakonda kubisala. Palibe choyezera mvula chimene chikanaona zimenezo.

Kunena chilungamo, a mbali yachiwiriyi akuoneka kuti ali ndi mfundo yolemerapo, ngakhale kuti siyithandiza mkulu wa zaumoyo amene akufuna kudziwa lero kuti atumize kuti anthu opopera mankhwala. Kwa iyeyo kulosera kolondola katatu pa kanayi kuli bwino kusiyana ndi kudikira kuti odwala ayambe kugona pansi m'mawodi.

Kuno ku Africa vuto limayambira pa kaundula woyamba uja. M'zipatala zambiri munthu wotentha thupi amayezedwa malungo, akapanda kupezeka nawo amapatsidwa panado n'kubwerera kwawo, ndipo dengue yake silembedwa paliponse. Mvula ndi kutentha masetilaiti amayeza tsiku ndi tsiku, koma kompyuta singalosere matenda amene palibe anawawerenga.

Migolo yabuluu yonga ya mayi uja yadzazanso m'makomo a ku Ndirande, Mtandire ndi Chibavi, ndipo pamsika mgolo wopanda chivundikiro ndiwo umatsikirako mtengo.