KUGONA KUPHIRI PA NYENGO YA CHIPERONI

 Lero ndifuna kucheza nanu za ulendo wokagona kuphiri pa miyezi yachisanu, ndiyo May, June, July ndi August. Pa miyezi imeneyi nchito ya kumunda imachepa, ndipo anthu ambiri amamanga akatundu ao nakwera mapiri a Chikala, Malosa, Zomba ngakhale Mulanje. Ena ndi ana a sukulu pamodzi ndi aphunzitsi ao, ena ndi a mpingo okachezera kupemphera, ena angofuna kuona dziko. Ulendo wotere ndi wabwino ndithu, koma uli ndi choopsa chimodzi chimene munthu wa kuchigwa sachidziwa bwino, ndicho kuzizidwa ali wonyowa.

Kwanu ku Rivirivi ndi dziko lotentha, dziko la malambe ndi thonje. Midzi yanu iri pa mamita 500 kapena 600 pamwamba pa nyanja yamchere. Koma nsonga ya Malumbe pa phiri la Zomba iri pa mamita oposa 2,000, ndipo Sapitwa pa Mulanje ali pa mamita 3,002. Tsono lamulo lache ndi ili: mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye kuti usiku umene inu mufunda nsalu imodzi kwanu, pamwamba pa Zomba pamazizira koposa ndi madigiri ngati 9, ndipo pa Mulanje udzu umayera ndi chisanu m'mamawa.

Pamwamba pa kuzizirako pali chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone m'dziko la Mozambique, kumwera kwa Mulanje. Mphepo yochokera ku nyanja ya Indian Ocean imabwera ndi chinyezi; ikafika pa mapiri imakwera, nizizira, nisanduka nkhungu ndi mvula yamawawa imene imatha kugwa masiku awiri kapena atatu osaleka. Inu kuchigwa mumangoona mitambo ndi kamphepo kozizira, koma munthu ali pamwambayo saona ngakhale mtengo umene uli pafupi naye. Nkhungu imeneyi imafika msanga, dzuwa likadawala. Paja akulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Thupi la munthu wamoyo limatentha madigiri 37, ndipo likatsika pansi pa madigiri 35 munthuyo ali pangozi. Madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga koposa mpweya, kuposa ka 20. Mphepo ikaomba pa malaya onyowa imachotsanso kwambiri. Ndipo munthu wotopa ndi wanjala alibe mphamvu yobwezera kutentha kumene kwatayika. Chotero zinthu zitatu izi, kunyowa, mphepo ndi kutopa, zikakomana pa munthu mmodzi zikhoza kumupha ngakhale usiku umene madzi sanaundane konse.

Izi si nthano iai. Mu July 2009 mnyamata wina wa ku Brazil, dzina lache Gabriel Buchmann, anasiya womperekeza wache nakwera yekha ku Sapitwa, atabvala zopepuka. Nyengo inasintha, iye nasokera. Anthu anamfuna masiku ambiri, ndipo mtembo wache unapezeka kuchiyambi kwa August. Chimene chinamupha ndi kuzizira. Anali munthu wamphamvu, wophunzira, woyenda maiko ambiri, koma zonsezi sizinamthandize usiku umenewo.

Tsono mukafuna kumanga katundu, yambani ndi zobvala. Thonje limene mulima ndi labwino pamsika ndi padzuwa, koma malaya a thonje akanyowa amasunga madzi nakanirira pakhungu. Juzi ya ubweya wa nkhosa imafunditsabe ngakhale yanyowa pang'ono. Bvalani zobvala ziwiri kapena zitatu zopyapyala, china pamwamba pa chinzache, kuti mukatenthedwa pokwera mubvuleko chimodzi thukuta lisanakunyowetseni. Pamwamba pa zonse pakhale chobvala chosalowa madzi. Amene alibe, pepala lalikulu la pulasitiki lobooledwa pakati polowetsa mutu lithandiza ndithu. Musaiwale chipewa ndi masokosi.

Koma chachikulu pa zonse ndi ichi. Tengani malaya ena, buluku, masokosi ndi gombeza, muziike m'jumbo, mumange pakamwa, ndi kuika jumboyo m'kati mwa inzache. Zimenezi ndi zogonera basi. Musazibvale poyenda ngakhale mwanyowa chotani. M'mawa mwache bvalaninso zonyowa zija, pakuti mukayamba kuyenda thupi lidzatentha lokha, ndipo zouma zibwerere m'jumbo mwao. Machesi nawonso akhale m'kabotolo kotseka bwino, pamodzi ndi tinkhuni touma toyatsira moto, chifukwa pa chiperoni nkhuni zonse za kuphiri zimanyowa.

Kamba wa paulendo akhale wokwanira ndi kutsalako wa tsiku limodzi. Mtedza, mbatata yootcha, nthochi, shuga, tiyi ndi ufa wa phala ndi zabwino. Idyani pang'ono pang'ono m'njira, musadikire madzulo. Za kachasu ndinene poyera: iye amanyenga. Munthu akamwa amamva kutentha chifukwa magazi athamangira kukhungu, koma pomwepo ndi pamene kutentha kulikutuluka m'thupi, ndipo nzeru za njira nazonso zachepa.

Pofuna malo ogona, imani dzuwa likadalipo. Kumbukirani kuti mu June mdima umagwa isanakwane 6 koloko. Musagone pamsonga pamene mphepo iomba, kapena pansi penipeni pa khwawa pamene mpweya wozizira umasonkhana ndi madzi amadzera. Funani kuseri kwa thanthwe. Nthaka imamwa kutentha kwa munthu koposa mpweya wa usiku, chotero yalani udzu kapena masamba ambiri, pamwamba pache pulasitiki ndi mkeka, ndipo gonani mothithikana. Pa Mulanje pali nyumba zogona alendo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi Chisepo, ndipo muli malo osonkhapo moto. Koma musalowetse mbaula ya makala m'hema kapena m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya woipa wosanunkha, umene umapha anthu ali mtulo.

Poyenda, yang'ananani. Mnzanu akayamba kunjenjemera kwambiri, kupunthwa, kulephera kumanga batani, kulankhula ngati woledzera kapena kungokhala chete, musamuseke ndipo musamkakamize kuyenda. Imani pomwepo, mumbise ku mphepo, mumbvule zonyowa, mumbveke zouma, ndi kumfunditsa mutu ndi chifuwa. Wina agone momkhudza m'gombeza limodzi. Ngati ali maso ndipo atha kumeza, mpatseni tiyi wofunda wa shuga kapena phala. Musamtikite miyendo ndi manja, musamuike pafupi kwambiri ndi moto, ndipo mumgwire mosamala. Akaleka kunjenjemera koma ali wozizirabe ndi wosokonezeka, dziwani kuti bvuto lakula. Awiri atsike kukaitana chithandizo kuti apite naye kuchipatala.

Za mitsinje simufunika kuuzidwa zambiri, pakuti inu mumaudziwa Rivirivi, m'mene amadzazira mvula itagwa ku mapiri a Ntcheu kwanu kuli ng'a. Mitsinje ya pamwamba pa phiri imadzaza msanga koposa pamenepo, ndipo imapheranso msanga mvula ikaleka. Mu 1949 Bwana Fred France, wa nchito ya zankhalango pa Mulanje, anakokoloka alikuoloka mtsinje wodzaza pa nyengo yotereyi. Anali paulendo ndi Laurens van der Post, amene analemba za imfayo m'buku lache lochedwa Venture to the Interior. Kanyumba kena ku Chambe kamachedwa ndi dzina lache la France mpaka lero. Madzi othamanga akafika m'maondo, khalani pansi mudikire, ngakhale kuchedwa tsiku lathunthu.

Potsiriza, musananyamuke mverani za nyengo pa wailesi, zimene a nthambi ya Boma yoona zanyengo amalengeza. Akanena kuti kukubwera chiperoni, sinthani tsiku. Uzani a kunyumba njira imene mudzera ndi tsiku lobwerera. Musayende nokha, ndipo tengani munthu wodziwa phirilo. Ku Mulanje operekeza alendo amapezeka pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula. Safunsa anadya phula. Inu aphunzitsi ndi akulu a mpingo, tsegulani chikwama cha mwana ali yense musanachoke pakhomo, muone ndi maso anu kuti jumbo ya zouma irimo. Nkhungu ikakupezani m'njira yosadziwika, imani pamodzi kufikira itayera, ndipo ngati nkofunika bwererani, chifukwa phirilo mudzalipezanso chaka chamawa.