Chilungamo chafika kumunda, nanga kumsika?

Ndinakulira kufupi ndi Nathenje, m'banja la matenanti. Dzinja likafika sukulu timaiiwala. Ntchito yathu inali kuthyola fodya m'mamawa mame ali mbuu, kenako kusoka masamba mpaka zala zitada ndi phula. Nseru ndi chizungulire zikatigwira amayi ankati ndi njala, osadziwa kuti ndi chikonga cholowa pakhungu. Mwini esiteti sankafunsa zaka zathu. Ogula ku okushoni ya ku Kanengo nawonso ankangoona mtundu wa tsamba ndi kulemera kwa belo, basi.

Chaka chatha ndinakacheza kwa mlamu wanga kwa Mitundu, yemwe amalima fodya wa pakontirakiti. Tili chikhalire panafika mlangizi wa kampani pa njinga yamoto. Asanalowe n'komwe m'chigafa anayamba mafunso: "Ana alipo angati pakhomo pano? Akupita kusukulu? Waganyu mumamulipira zingati? Mankhwala mumasunga kuti?" Zonse ankalemba pafoni. Ine kukamwa yasa! Kodi makampani ayamba liti chifundo chotere?

Kunena zoona, abale anzanga, si chifundo ayi. Ndi mantha otaya msika, ndipo manthawa ali ndi mbiri yake.

Kale kampani ikalipira msonkho inkati yatha zonse. Zinthu zinayamba kusintha ku America mu 1977 pamene anakhazikitsa lamulo loletsa makampani awo kupereka ziphuphu kwa akuluakulu a maboma akunja, zitaululika kuti makampani monga Lockheed ankagula mabizinesi ndi ndalama zapansi pa tebulo. Kampani ya Enron itagwa mu 2001 chifukwa chophika mabuku a chuma, kunabwera lamulo lina mu 2002 lokakamiza mabwana kusainira okha kuti mabuku awo ndi oona. Apa makampani anayamba kulemba anthu apadera, ntchito yawo kuona kuti malamulo akutsatidwa, ngakhale zitakwiyitsa bwana amene.

Mwina mukuti za ku America zikutikhudza bwanji ife. Tamvani. Mu 2010 bungwe loyang'anira misika ya masheya kumeneko linaimba mlandu kampani ya fodya ya Universal, mwa zina kuti inapereka madola 850,000 kwa akuluakulu ena a boma ndi andale a kuno ku Malawi m'zaka za 2002 ndi 2003. Kampaniyo inavomera kulipira mamiliyoni kuti nkhani ithe. Kenako pa 1 November 2019 boma la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana komanso ntchito yokakamiza. Kampani iliyonse inayenera kuonetsa umboni woti fodya wake ndi woyera. Alliance One ndi Limbe Leaf analoledwanso mu 2020, Premium mu 2021. Chaka chomwecho cha 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti.

Mlangizi uja ndiye mchira wa nkhani yonseyi. Funso lofunsidwa ku Washington limadzera ku Kanengo mpaka kufika pakhonde la mlamu wanga.

Koma tisafulumire kuomba m'manja. Paja chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mlamu anandinong'oneza kuti ena akamva kulira kwa njinga yamoto amathamangitsira ana kuseri kwa nkhokwe. Nanga atani? Akauzidwa kuti asagwiritse ntchito mwana, ayenera kulemba waganyu wamkulu, pamene mtengo wa fodya sukumulola. Kampani ikafunadi chilungamo isamangotuma fomu, iziikenso m'mtengo wogulira. Apo ayi ndiye kuti mabuku ayera ku ofesi, mtolo wonse wasenza ndi mlimi.

Tsono inu amalonda anzanga, musati nkhaniyi ndi ya mabwana a mataye okha. Pitani pamsika wa Mitundu kapena m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje nthawi yokolola. Mayi wasenza soya kuchokera kumudzi, pasikelo ya venda thumba lija lapepuka mwadzidzidzi. Ndowa yogulira ndi yotupa, yogulitsira ndi yophwanyidwa kunsi. Bungwe loona za miyezo la MBS lilipo kuyambira 1972, lamulo loteteza ogula linabwera mu 2003, koma inspekitala sangaime pasikelo iliyonse. Ife timadzudzula akuba a Cashgate ya 2013 uku tikubera agogo makilo awiri. Kusiyana kwake ndi kukula kwa thumba chabe.

Phunziro la makampani akuluakulu ndi loti wakuba amadya lero, mawa msika umamutsekera chitseko. Alimi ayamba kugulitsa kudzera m'makopaletivu, ndipo mbiri ya sikelo yabodza imayenda msanga pafoni.

Inu ophunzira a ku Bunda ndi m'makoleji ena, ena mwa inu mudzakwera njinga zamoto zija. Mudzaone mwana wabisala kuseri kwa nkhokwe, zala zakuda ndi phula. Mudzalemba zoona, kapena mudzayang'ana kumbali kuti lipoti likome? Mwana ameneyo ndinali ine, ndipo palibe amene anandifunsa zaka zanga.