Kodi Hera Angamere Kuno ku Chingodzi?

Abale ndi alongo, amene mwayendapo ku Harare kapena ku Johannesburg munaona chomera chokwawa chimene chimakuta makoma ndi mipanda, cha masamba a nsonga zitatu kapena zisanu. Angerezi amachitcha ivy, Apwitikizi amati hera. Ena a ife tinabwera ndi kanthambi kake m'chikwama, tinakabzala pabwalo, koma milungu iwiri isanathe kanauma. Tisafulumire kunena kuti dzanja lathu ndi loipa.

Hera kwawo ndi ku Ulaya, kumene amayanga m'nkhalango, pansi pa mitengo ikuluikulu, m'dothi lozizira ndi lachinyontho. Ife tili m'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Ndipo mtundu umene maso athu amaukonda, wa masamba a mawanga oyera, ndiwo umayamba kupsa ndi dzuwa.

Komabe munthu wakhama akhoza kumusunga, akatsata izi. Choyamba, tibzale m'mphika kapena m'chidebe choboola pansi, osati pamtetete, kuti tizitha kusuntha. Tisakanize dothi, manyowa owolerana ndi mchenga pang'ono wa kumtsinje. Chachiwiri, tibzale m'Meyi kapena m'Juni, kunja kukazizira. Tidule kanthambi kotalika masentimita 15, tichotse masamba a m'munsi, tikaike m'botolo la madzi. Mizu ikatuluka, patapita milungu itatu kapena inayi, ndipo tikaoke. Chachitatu, mphikawo ukhale pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, pamene pamafika dzuwa la m'mamawa lokha. Tisanathirire tipise chala m'dothi. Ngati likali lonyowa, tidikire, pakuti madzi ochuluka amaoletsa mizu. M'chilimwe timakangaude tofiira timayamwa kunsi kwa masamba mpaka achite chikasu. Mankhwala ake oyamba ndi kutsuka masambawo ndi madzi oyera sabata ndi sabata.

Pali zina zoti tichenjere nazo. Masamba ndi zipatso za hera zili ndi poizoni, motero mphika ukhale patali ndi ana okwawa. Utomoni wake umayabwa pakhungu la anthu ena. Tisamulolenso kukwera khoma long'aluka, chifukwa timizu take timalowa m'ming'alu ndi kuikulitsa.

Koma funso lalikulu ndi la madzi. Ngati pakhomo pathu amayi ndi ana amasenza zigubu kuchokera kutali, si chilungamo kuwawonjezera mtolo kaamba ka chomera chimene sichidyedwa. Banja lotere libzale bougainvillea, amene anachokera ku South America. Iyeyu amakondwa ndi dzuwa la Tete, akagwira safuna madzi ambiri, ndipo minga yake imatchinga mpanda.

Tiyeni tikongoletse makomo athu, abale, koma tiyambe taonetsetsa mthunzi umene tili nawo ndi madzi amene tingakwanitse.