Njoka ya Mizere ndi Ana Ace Akuda

Ku Canada ndi ku United States kuli njoka yaing'ono imene eni dziko amaicha garter. Utali wace kawirikawiri suposa mita imodzi. Imakhala m'madambo ndi m'minda, nimadya nyongolotsi, acule ndi tinsomba, ndipo siopsa munthu. Siikira mazira monga zicita njoka zambiri, koma imabala ana amoyo.

Thupi lace ndi lodera, ndipo liri ndi mizere itatu yacikasu, wina pamsana ndi iwiri m'nthiti. Koma sizifanana zonse. Za ku Manitoba ziri ndi mawanga ofiira m'mbali. Za kufupi ndi mzinda wa San Francisco ziri ndi mizere yofiira, yakuda ndi yobiriwira. Ndipo m'mbali mwa nyanja ya Erie, monga ku Long Point ndi pa cisumbu ca Pelee, zipezeka zambiri zakuda bii, zopanda mzere, zoyera pacibwano pokha.

Codabwitsa ndi ici: njoka ziwiri za mizere zikhoza kubala mwana wakuda. Kodi kuda kumeneku kucokera kuti, popeza atate ndi amai alibe?

Njira ya yankho anaiyamba Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, amene anafesa nsawawa zaka zambiri, nalemba zimene anaona m'caka ca 1866. Pambuyo pace Frank ndi Frieda Blanchard, a ku Michigan, anaweta njoka zimenezi nawerenga ana ao, ndipo nchito yao inasindikizidwa m'caka ca 1941. Iwo anapeza kuti kuda kwa njoka kutsata lamulo lomwelo la nsawawa.

Lamulolo nali. M'thupi la camoyo ciri conse muli tinthu tosaoneka ndi maso, tochedwa majini, timene tilamulira maonekedwe. Mwana alandira majini awiri a mtundu wa khungu, lina kwa atate, lina kwa amai. Jini la mizere liposa la kuda. Cifukwa cace njoka yokhala ndi limodzi la mizere ndi limodzi la kuda ioneka ya mizere, ndipo kudako kungobisala m'kati mwace. Njoka ikhala yakuda pokhapo italandira jini la kuda ku mbali zonse ziwiri.

Tsono makolo awiri a mizere akakhala onse ndi kuda kobisika, pa ana ao ambiri, mmodzi mwa anai ali onse adzakhala wakuda. Koma makolo onse awiri akakhala akuda, ana onse adzakhala akuda.

Nanga kuda kupindulanji? Njoka iribe kutentha kwa iyo yokha. Iyenera kuothera dzuwa isanayambe kufuna cakudya. Dziko la ku Erie lizizira, ndipo cinthu cakuda cilandira kutentha kwa dzuwa kuposa coyera, monga adziwa yense wobvala malaya akuda masana. Pamenepo njoka yakuda ipindula. Koma ya mizere nayonso iri ndi cace, pakuti ikathawa m'udzu mizere isokoneza maso a mbalame zolusa. Cotero mitundu yonse iwiri ikhalabe m'dziko limodzi.

Lamulo limeneli siliri la njoka zokha ai. Mwana wacialubino abadwa m'njira yomweyo: atate ndi amai onse awiri anali ndi jini lobisika, ngakhale khungu lao ndi lakuda, ndipo majiniwo anakomana mwa iye. Palibe ufiti pamenepo, palibe temberero, ndipo amai sanacimwe. Thupi lace liribe mankhwala kapena cuma. Iye ndiye mwana weniweni wa makolo ace, wolengedwa ndi Mulungu monga anzace onse, woyenera kukondedwa pamudzi ndi pasukulu.