Za Kusunga Mbewu ya Chimanga cha Makolo

Chimanga chauma m'minda, ndipo ena mwa inu aimika kale mikukwe. Musanathyole chonse ndi kuchitutira ku nkhokwe, tifuna tikambe nanu za ntchito imene agogo athu sankaiphonya pa nyengo ino, ndiyo kusankha mbewu ya chaka chamawa.

Kale munthu akalowa m'nyumba yophikira, nakweza maso, ankaona zimanga zomangidwa ndi makoko ake zili lende kutsindwi, zakuda bii ndi mwaye. Mwana ngakhale alire ndi njala, mayi sankazikhudza, pakuti adadziwa kuti wodya zimenezo wadya munda wa chaka chamawa. Utsi wa tsiku ndi tsiku unkaumitsa njere ndi kuingitsa anankafumbwe, kotero kuti mvula yoyamba ikagwa banja silinkapita kukapempha mbewu kwa munthu.

Tisaiwale kuti chimanga nachonso ndi mlendo m'dziko muno. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo zaka za m'ma 1500 zisanafike mu Africa munalibe chimanga. Nsima ya makolo inali ya mapira ndi mawere. Chimene tichitcha lero cha makolo chidaumbika m'manja mwa amayi amene chaka ndi chaka ankapatula chimanga cha njere zolimba ndi zonyezimira. Njere zotere siziphwanyika pokonola mu mtondo, zipatsa mphale yambiri ndi gaga wochepa, ndipo nankafumbwe savutika pang'ono kuti aziboole. Nchifukwa chake chimanga cha haibulidi choyamba, chimene chinali chofewa, amayi ambiri adachikana, kufikira akatswiri a ku Chitedze adatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zokonoleka bwino.

Sitinyoza haibulidi ayi. Akathiridwa feteleza mokwanira abereka koposa cha makolo, ndipo mabanja ambiri apulumuka naye. Koma mphamvu yake ili pa mbadwo woyamba wokha. Mukabzala njere zochokera m'nkhokwe, mbewu zituluka zosiyanasiyana, zina zazitali, zina zonyozoloka, ndipo zokolola zitsika. Tsono chaka chilichonse mufunika ndalama yogulira ina. Nanga chaka chimene ndalama yasowa, kapena mbewu yafika mochedwa kumsika mvula itagwa kale, mudzabzala chiyani? Apa mpamene kandime ka chimanga cha makolo kaonetsa ntchito yake.

Taonani m'mene musankhire. Sankhani chikadali m'munda, pamene muona phesi lenilenilo: likhale lolimba, losagwa ndi mphepo, lopanda matenda, ndipo makoko akhale atakuta chimanga mpaka kunsonga, chifukwa chotseguka kunsonga chilowa madzi ndi tizilombo. Tengani cha pakati pa munda. Ufa wa pa ngayaye uuluka ndi mphepo nukagwera pa ndevu za chimanga china, motero mizere ya m'mphepete, yoyandikana ndi haibulidi wa mnansi wanu, ikhala yosakanizika ngakhale maso asaone. Ndipo musati mutenge zimanga zisanu kapena khumi zokha pokhala zazikulu. Mbewu yochokera ku mapesi ochepa ifooka m'kupita kwa zaka. Tengani ku mapesi ambiri, makumi asanu kapena kuposa. Potonola, njere za kunsonga ndi za kutsinde zipite ku mtondo, za pakati ndizo mbewu.

Komabe pali mdani amene agogo sadamdziwe. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 mudalowa m'Malawi nankafumbwe wina woopsa, wochokera ku Tanzania, amene aboola makoko, chitsononkho, ngakhale mitengo ya nkhokwe, nasandutsa chimanga fumbi. Kupachika kutsindwi kokha sikukwanira pa iyeyu. Mbewu ikauma gwa, yoti njere ithetheka poiluma, itonoleni ndi kuitsekera mu mtsuko womata bwino, m'chigubu chouma cha chitsekerero cholimba, kapena m'matumba aja osalowa mpweya. M'menemo kachilombo kabanika nikafa. Koma chenjerani: mbewu yotsekeredwa isanaumitsitse ichita nkhungu, ndipo simera.

Nzama, khobwe ndi nyemba zisakanizeni ndi phulusa losefa la pa moto musanazitsekere, monga ankachitira amayi akale. Nthanga za maungu zitengedwe ku dzungu lokhwima ndi lokoma, limene ana adalimbirana, ndipo ziumitsidwe pa mthunzi. Ku Chitedze kuli nyumba yosungira mbewu za makolo m'malo ozizira, ndipo tiyamika ntchito imeneyo. Koma nzama ya m'mudzi mwanu ikatha, mnzanu wa kutsidya kwa mtsinje ndiye ali pafupi, choncho sinthanani mbewu pamene ikadalipo.

Mwezi wa Okutobala ukafika, tengani njere makumi awiri, muzikulunge m'chiguduli chonyowa, ndi kuziika pa mthunzi, osalola kuti chiume. Pakatha sabata muwerenge. Zikamera 17 kapena kuposa, mbewu ili bwino. Zikamera theka lokha, nthawi ikadalipo yopita kwa abale kukafuna ina mvula isanagwe.